Zaka khumi zimene nthano ya Kamuzu imadumpha

Aliyense amene anakulira ku Kasungu nkhani iyi amaidziwa, ngakhale uja ankagona nthawi ya histole. Kamnyamata ka ku Mtunthama kananyamuka wapansi kupita ku Joni, kuchoka apo ku America, n'kudzatera pa Chileka pa 6 July 1958 kali dokotala wa suti, chipewa ndi litchowa m'manja. Agogo athu amaifotokoza choncho, aphunzitsi athunso chimodzimodzi. Masiku ano yalowanso m'ma status a pa WhatsApp, momwe imagwira ntchito yotinyoza ife a madigiri amene tikadali pakhomo pa makolo: mnzanu anapita wapansi, inu mukudikira chiyani?

Ine nthanoyi ndimaikonda, koma ili ndi dzenje pakati. Kamuzu anachoka ku Kasungu mu 1915. Ku New York anafika mu 1925. Pakati apo pali zaka khumi zathunthu zimene ofotokoza amazidumpha ngati ngalande. Kwa munthu wa msinkhu wanga, amene akulingalira zosiya ntchito, zoyamba geni kapena zokwera basi ya ku Joni, phunziro lenileni lili m'zaka zimenezo.

Tiyambire pa Chilanga. Nthawi imeneyo Chilanga inali pansi pa mishoni ya Livingstonia, ndipo mu 1915 Kamuzu anakhala pa mayeso amene akanamutsegulira njira ya maphunziro a uphunzitsi. Olemba mbiri yake, monga Philip Short amene buku lake linatuluka mu 1974, amafotokoza kuti mnyamatayu anali wamfupi ndipo anakhala kumbuyo. Ataimirira kuti aone bwino zolembedwa pa bolodi, woyang'anira mayeso, m'busa T. Cullen Young, anaganiza kuti akuonera za mnzake, n'kumutulutsa. Posakhalitsa mnyamatayo ananyamuka. Mumtima mwake munali dzina limodzi: Lovedale, sukulu yotchuka ya mishoni ku South Africa.

Kuyenda wapansi pakokha sikunali kwachilendo. Amuna ambiri a ku Nyasaland ankatsika kumwera chomwecho kukasaka ndalama ya msonkho m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo amene sanabwerere ndi aja timawatchula kuti machona. Chachilendo chinali choti iyeyu ankatsata sukulu. Koma taonani zimene anali nazo m'manja: miyendo, manyazi a mayeso aja, ndi dzina la sukulu imene sinkamudziwa. Ndalama ya fizi panalibe. Womulandira kumeneko panalibe. Zotsatira zake, ulendo wa ku Lovedale unathera pa Hartley, tauni imene lero imatchedwa Chegutu ku Zimbabwe, komwe anapeza ntchito yosesa pachipatala. Ku Lovedale sanakaphunzireko mpaka kufa kwake. Ulendo umene timauimbira m'manja kwambiri uja, kunena mosapsatira, sunafike kumene unkapita.

Chimene chinasintha zinthu ndi kubwera kwa malume ake, a Hanock Msokera Phiri, munthu amene mbiri yathu siimutchula mokwanira. Iwowa anaphunzira ku Livingstonia, anali mphunzitsi, ndipo ankadziwa kulankhula ndi azungu komanso kuwerenga kontilakiti. Mu 1917 awiriwa analowera limodzi ku South Africa. Anayamba ndi mgodi wa malasha kufupi ndi Dundee ku Natal, kenaka anasamukira ku Boksburg, pafupi ndi Johannesburg, ku mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep. Kumeneko Kamuzu anakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala kalaliki ndi womasulira zilankhulo. Masana ntchito, usiku sukulu. Chingerezi chija tinkachimva pa wailesi chinasulidwa m'zaka zimenezi, pakati pa fumbi la mgodi.

Mu 1921 ku Johannesburg kunafika J.E.K. Aggrey, mphunzitsi wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, amene anaphunzira ku America ndipo ankayendera sukulu za mu Africa ndi gulu la Phelps-Stokes. Kamuzu anamumva akulankhula, maso ake n'kuchoka pa Lovedale kuloza kutsidya kwa nyanja. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi mnyamata wa 1915 uja. Sanathamangire kudoko tsiku lotsatira. Mu 1922 analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, umene likulu lake linali ku America ndipo unali ndi sukulu zakezake. Anadziwika kwa akuluakulu a mpingowo mpaka Bishopu William Tecumseh Vernon analonjeza kuti fizi alipira, bola mnyamatayo adzipezere yekha ndalama ya sitima. Kuyambira pa mawu a Aggrey kufika tsiku lokwera sitimayo panadutsa zaka zinayi za kusunga malipiro a ukalaliki. Malume aja, atadzozedwa ubusa mumpingo womwewo, anabwerera ku Kasungu mu 1924 kukatsegula tchalitchi ndi sukulu pa Mdabwi.

Tsopano werengani zimene anali nazo mu 1925: chilankhulo cha kumene ankapita, dzina la sukulu imene inkamuyembekeza, munthu wolipira fizi, tikiti yogula ndi thukuta lake, ndi mpingo woti akadwala umuone. Njira yakenso inali itapondedwapo kale. John Chilembwe anapita ku Virginia mu 1897, ndipo Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala pa Meharry Medical College mu 1917, sukulu yomweyo imene Kamuzu anadzaphunzirapo pambuyo pake. Ngozi inalipobe, chifukwa munthu wakuda ku America wa nthawi imeneyo ankakhala pansi pa tsankho losabisa. Koma inali ngozi yoyezedwa.

Pali chinthu china chimene chimandikhazika mtima pansi ndikamaona anzanga akudandaula kuti zaka zatha. Olemba mbiri ambiri amaika kubadwa kwa Kamuzu cha m'ma 1898. Ndiye kuti pamene ankayamba sekondale pa Wilberforce ku Ohio anali ndi zaka pafupifupi 27, msinkhu wanga uno. Anamaliza mu 1928, anadutsa pa Indiana University, anatenga digiri pa University of Chicago mu 1931, ndipo udokotala wa pa Meharry anaupeza mu 1937 akuyandikira zaka 40. Ali ku Chicago anathandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa imene inasindikizidwa mu 1937. Chilankhulo cha kumudzi chinasanduka chuma cha paulendo.

Kodi kukonzekera konseku kunamutsegulira makomo onse? Ayi ndithu. Pepala la ku America silinkamulola kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, choncho anakayambanso ku Edinburgh, n'kumaliza mu 1941. Cholinga chinali kubwerera kwawo kudzachiza anthu. Koma anamwino achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Khomo limene analikonzekera zaka zonsezo linatsekeka pamaso pake, monga linachitira la pa Chilanga. Kusiyana kwake n'koti ulendo uno sanatole tsache. Anali ndi luso logulitsika paliponse, ndipo anachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London. Mu 1946 iye ndi Cullen Young yemwe uja anakonzera limodzi buku la Our African Way of Life. Kukonzekera sikulonjeza kuti upeza chimene ukufuna. Kumangochititsa kuti ukagwa, ugwere pamalo poti ungathe kudzukapo.

Ife a ku Kasungu sitifunika kupita ku Ohio kuti timvetse zimenezi, chifukwa fodya amatiphunzitsa chaka ndi chaka. Palibe mlimi amene amamwaza mbewu ya fodya m'munda. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi. Dzuwa la September likayamba kuswa mtengo, munthu amakonza nazale kudimba, amafesa, amaphimbira ndi udzu, amathirira m'mawa ndi madzulo. Mbande zikakula amazidulira, kenaka amachepetsa madzi mwadala kuti zikhwime, zizolowere ludzu zisanakumane nalo kumunda. Akatero amayang'ana kumwamba. Kuwokera ndi juga yeniyeni, chifukwa mvula ikhoza kugwa kamodzi n'kudula masabata atatu. Koma mlimi wanzeru amawokera mbande yokhwima, ndipo amasiya zina pa nazale zodzapachiza nazo. Boksburg inali nazale ya Kamuzu. Mu 1915 anadzizula akadali wanthete.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambi umenewu makolo amakonda kutiponyera tikanena zosiya kantchito kamene tili nako, ndipo uli ndi nzeru. Koma amene anaupeka ankadziwanso kuti fodya asanafike pamphuno amayenera kudutsa pachala. Nkhani ndi kudziwa kumene mphepo ikuchokera, n'kuitchinga ndi dzanja linalo.

Sindikulemba izi kuti ndimuyeretse Kamuzu. Munthu amene anathandizidwa ndi malume, bishopu ndi mpingo kuti adutse, atalowa m'boma anatsekera ena ambiri. Anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, otsutsa anatsekeredwa popanda mlandu, ena anathawa dziko. Pa nkhani ya fodya, lamulo la Special Crops Act linasungira ma esiteti ulimi wa bale ndi fodya wowotcha m'mabani, pamene mlimi wa m'mudzi ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma. Minda ikuluikulu ya Press Farming ndi General Farming inatambalala m'zigwa za Kasungu, ndipo mabanja ambiri analowa utenanti, kudya chimanga cha ngongole chaka chonse n'kudzawerengera pokolola. Tenanti ankasenza ngozi yonse ya mvula ndi mitengo, phindu n'kupita kwina. Imeneyo si ngozi yosankha, ndi ngozi yosenzetsedwa. Alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale cha m'ma 1990, ndipo ngakhale pamenepo msika unadzaphunzitsa phunziro lake: mu 2011 fodya atachuluka kuposa amene ogula ankafuna, mitengo inagwa ndipo mabelo ankabwezedwa ku okushoni. Amene anabzala chifukwa choti mnansi anagula njinga yamoto chaka chatha analira kwambiri. Walira mvula walira matope.

Mdera lomweli muli chitsanzo china chapafupi ndi ife. William Kamkwamba wa ku Masitala, kwa Wimbe, anasiya sukulu pa Kachokolo nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002 chifukwa chosowa fizi. Dziko limakumbukira makina a mphepo aja atazungulira n'kuyatsa babu, makamaka chitulukireni filimu ya 2019. Koma asanakwere pa nsanja ya bulugamu, mnyamatayu anali atatha nthawi akumasula mawailesi, akubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pa Wimbe, akutsatira zithunzi za m'buku la Using Energy pamene Chingerezi chinkamuvuta. Anayamba wapanga kamakina kakang'ono koyesera, kataonetsa kuti kakutulutsa magetsi ndi pamene anamanga aakulu ndi dainamo ya njinga ndi fani ya thirakitala. Anthu ankamuyesa wamisala, komatu misala yake inali ndi nazale.

Lero njira ya kumwera ikadali yotsegula, ndipo mabasi amadzaza sabata iliyonse kudzera pa Dedza ndi pa Mwanza. Ena amapita ndi pasipoti, luso la manja ndi nambala ya m'bale amene akudziwa kuti akubwera. Ena amagulitsa mbuzi za amayi awo n'kupereka kwa munthu amene anangomudziwira pa Facebook. Onse amatchedwa olimba mtima tsiku lonyamuka. Koma ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu, ambiri atangotsala ndi zovala za m'thupi. Palibe akanaletsa ziwawazo ndi mapulani ake, zoona. Komabe amene ankatumiza kandalama kumudzi, kapena anali ndi ntchito ya manja yoti akhoza kuigwira pa Kasungu boma, anali ndi poyambira.

Ndiye mnzanga, ngati mtima ukukukoka kuti uchoke pamene ulipo, ine sindikuletsa. Kukhala pansi nakonso ndi juga, kungoti kuluza kwake kumabwera mwakachetechete. Ndikungopempha kuti usanazule mizu udzifunse zimene Kamuzu wa 1925 akanatha kuyankha koma wa 1915 sakanatha. Ukupita kwa ndani, ndipo iyeyo akudziwa? Uli ndi luso lanji limene mlendo angalilipire osafunsa dzina la bambo ako? Ndalama imene ukuika pa juga imeneyi ndi yako, kapena ndi chimanga cha banja lonse? Zikakanika, ubwerera ndi chiyani? Kodi chimene ukufuna kuchitacho sungayambe wachiyesa chaching'ono, madzulo ukaweruka, ntchito ikadalipo?

Pa Mtunthama mtengo wa kachere umene ankaphunzirira pansi pake amausungabe, pafupi ndi Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Alendo amajambulitsa pamenepo, chifukwa ndi pamene nthano imayambira. Pa tebulo la kalaliki wa ku Boksburg palibe amene amakajambulitsapo, ngakhale ndi pamene tikiti ya sitima inasonkhanitsidwa, mwezi ndi mwezi.