Botolo la Madzi pa Injini ya Galimoto

Madalaivala amene amayenda mumseu wochokera ku Liwonde, kudzera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay, ali ndi nkhani imodzi imene sakanganapo. Amati masana a mwezi wa October kapena November, dzuwa likamaswa mtengo, galimoto imachita ulesi, ndipo ikasenza katundu injini imalira ngati misomali yogwedezedwa m'chitini. Koma mvula ikagwa madzulo, kunja n'kuzizira, galimoto yomweyo imapepuka ndipo injini imayenda mofatsa. Zimenezi si zopeka ayi, n'zoona ndithu. Tsono pamenepa ndi pamene panabadwira funso limene lavutitsa amakaniko kwa zaka zoposa 100: ngati chinyezi chimakomera injini chotere, bwanji osaimwetsa dala madzi pang'ono kuti petulo achedwe kutha?

Funso limeneli limagona mafuta akamapezeka, ndipo limadzuka akasowa. Kwa anthu a kunyanja lili ndi chikoka chapadera, popeza petulo amachokera kutali ndipo amalira ndalama, pamene madzi ali pakhomo pomwepo, osagula.

Anthu a ku Mangochi anaona madzi akugwira ntchito m'makina kale kwambiri galimoto isanafike. Sitima ya Ilala yoyamba inalowa m'nyanja m'chaka cha 1875, popita kukakhazikitsa mishoni ku Cape Maclear. Pambuyo pake kunabwera zina, monga Guendolen, imene mfuti yake yaikulu inasungidwa pa boma la Mangochi, ndi Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA, imene anailumikiza kwa Mponda n'kuiyandamitsa mu 1901. Zonsezi zinkayendera nthunzi. Munthu woima pagombe akanatha kunena kuti sitimazi zikuyendera madzi, koma amene ankatema nkhuni n'kuziunjika m'madooko ankadziwa bwino kumene mphamvu inkachokera. Nkhuni zikatha, sitima inkaima chilili pakati pa madzi osasimbika. Chauncy Maples inasiya nkhuni mu 1967 pamene anaikamo injini ya dizilo, ndipo apanso choyendetsa chinali chinthu choyaka.

Madzi sayaka chifukwa anayaka kale. Petulo akapsa mu injini, zina mwa zotsala zake ndi madzi enieni: lita imodzi ya petulo imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ndipo n'chifukwa chake mmawa kukazizira ekizozi imadontha timadzi. Kubwezera madzi mu injini kuti akayake n'chimodzimodzi kubwezera phulusa pamoto kuti liphike nsima.

Nanga bwanji galimoto imapepuka mvula ikagwa? Chifukwa choyamba n'chakuti mpweya wozizira ndi wothinana, motero wochuluka umalowa mu silinda. Chachiwiri chikukhudza kulira kwa misomali kuja, kumene amakaniko amati kugogoda. Pisitoni ikamakwera imapanikiza msanganizo wa petulo ndi mpweya, ndipo msanganizowo umatentha. Pulagi ikathetheka, moto uyenera kuyenda mwadongosolo, monga moto wa lupsa umene uyambira mbali imodzi ya dambo. Koma kutentha kukapyola muyeso, msanganizo umene moto sunaufike umaphulika wokha nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imalandira nkhonya m'malo mokankhidwa. Kugogoda kukapitirira kumabowola pisitoni. Madzi pano amathandiza, chifukwa posanduka nthunzi amameza kutentha kochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mmene petulo wolemera chimodzimodzi angamezere. Ntchito yawo ndi kuziziritsa basi.

Akatswiri anazindikira zimenezi msanga. Cha m'ma 1890, Donát Bánki wa ku Budapest m'dziko la Hungary anapanga injini yopanikiza kwambiri imene inkalandira madzi opopera kuti isagogode. Mu 1910 kampani ya Rumely ku America inayamba kugulitsa mathirakitala otchedwa OilPull, oyendera palafini. Palafini anali wotsika mtengo koma wogogoda msanga, choncho kabuleta ya thirakitalayo inali ndi chipinda cha madzi. Omvera asunge mfundo iyi: thirakitala ikamazungulira yopanda katundu sinkalandira madzi, koma khasu likamira m'nthaka yolimba, injini n'kuyamba kulemedwa, m'pamene madzi ankawonjezeka.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse luso limeneli linafika pachimake. Ndege ya nkhondo ya ku America yotchedwa P-47 Thunderbolt inali ndi injini ya mphamvu za akavalo 2,000, koma woyendetsa akatsegula madzi zinkakwera kufika pa 2,300. Ankaloledwa kutero kwa mphindi zowerengeka chabe, pothawa mdani kapena pomuthamangitsa. A ku Germany nawo anali ndi njira yawo yotchedwa MW 50 pa ndege za Messerschmitt, kutanthauza theka madzi, theka spiriti wa methanol, amene ankathandiza kuti madzi asaundane m'mwamba mozizira. Pano pali kanthu koona kamene okhulupirira botolo amagwiritsa: injini za ndegezi zikamakoka ndi mphamvu zonse zinkathiriridwa petulo wopyola muyeso kuti aziziziritse, ndipo madzi akalowa petulo woonjezerayo ankachepetsedwa. Kupulumutsa mafuta kunalipo ndithu, koma kwa mphindi zimenezo zokha, ndiponso mu injini yokankhiridwa mpweya ndi makina.

A General Motors anayesa kugulitsa luso limeneli kwa anthu wamba ambiri ndi galimoto ya Oldsmobile Jetfire mu 1962. Inali ndi thanki yaing'ono ya madzi osakaniza ndi methanol. Eni magalimoto ankaiwala kudzaza thankiyo, madzi akatha galimoto inkafooka, ndipo madandaulo anachuluka. Patangotha zaka 2 anasiya kuipanga, atagulitsa magalimoto osakwana 10,000.

Nkhani ya botolo lodzipangira inatchuka ndi mavuto a mafuta. Nkhondo ya October 1973 pakati pa Israel ndi maiko a Aluya itabuka, mtengo wa mgolo wa mafuta unachoka pa madola 3 n'kufika pafupifupi madola 12 m'miyezi yochepa. Mu 1979 unakweranso kaamba ka kusintha kwa boma ku Iran. Ku America ndi ku Ulaya kunadzaza ogulitsa tizipangizo tolonjeza kuchepetsa petulo, ndipo amene analibe ndalama ankadzipangira okha. Kapangidwe kake kanali kapafupi: botolo la madzi lomangiriridwa pambali pa injini, ndi kapayipi kakang'ono kochokera m'botolomo kukalowa pamene injini imayamwira mpweya, kunsi kwa kabuleta. Injini ikalira, imakoka yokha madzi kapena mpweya wa chinyezi.

Chilema cha botolo chili m'kukoka komweko. Kunsi kwa kabuleta injini imayamwa mwamphamvu dalaivala akachotsa phazi pa moto, monga poima pa siteji kapena potsetsereka. Akaponda moto mpaka pansi, chitseko cha mpweya chimatseguka chonse ndipo kuyamwa kwa pa kapayipi kuja kumangotsala pang'ono kutheratu. Taganizirani lole ya petulo yosenza matumba a usipa, itawoloka mlatho wa Shire pa Mangochi n'kuyamba chitunda cha ku Chowe popita ku Namwera. Pokwera, pamene injini yatentha ndipo ikugogoda, botolo silipereka kanthu. Pobwerera, lole ikutsetsereka yokha popanda ntchito, botolo limathira madzi mowolowa manja. Thirakitala ya 1910 inkadziwa nthawi yomwera madzi kuposa botolo la 1979.

Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, Environmental Protection Agency, linayesa zipangizo zolonjeza kupulumutsa mafuta zoposa 100, kuphatikizapo zothira madzi, ndipo silinapeze chimene chinachepetsa petulo mooneka. Amene ankalumbira kuti botolo lawathandiza sikuti onse ankanama. Munthu amene wamanga chipangizo chake amayamba kuyendetsa mosamala, amapopa matayala, amasintha mapulagi, ndipo phindu la zonsezi amalipereka kwa botolo. Analipo ena achinyengo chenicheni. Stanley Meyer wa ku Ohio ankanena kuti galimoto yake imayendera madzi okhaokha, koma mu 1996 khoti linapeza kuti ananamiza anthu amene anaikamo ndalama zawo, ndipo linamulamula kuti abweze.

Kuno ku Malawi vuto linali lalikulu koposa kukwera mtengo, popeza mafuta ankadzera pa njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, pofika 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitaleka kugwira ntchito, ndipo katundu anayamba kuzungulira ndi malole kuchokera ku madooko akutali monga Durban. Yankho limene dziko lino linapeza linachokera m'mbali mwa nyanja yomweyi, koma osati m'madzi ake. Mu 1982 fakitale ya Ethanol Company Limited inayamba ntchito ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira zakuda za nzimbe zimene zimatsala popanga shuga. Ethanol ndi mbale wake wa kachasu, koma wochotsedwa madzi onse. Ankamusakaniza ndi petulo, nthawi zina mpaka magawo 20 pa magawo 100, ndipo dziko la Malawi linakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kuchita zimenezi. Mu 2004 fakitale yachiwiri, PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amachita zonse zimene botolo linkalonjeza: amaziziritsa msanganizo, amaletsa kugogoda, ndipo kuposa apo amayaka.

Mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya 2011 ndi 2012, pamene madalaivala ankagona m'magalimoto kudikira tankala, inakumbutsa anthu kuti njala ya petulo sinathe. Patapita zaka zochepa akatswiri a ku Germany anabwerera ku maganizo a Bánki. Mu 2016 kampani ya BMW, mothandizana ndi Bosch, inagulitsa magalimoto 700 a M4 GTS okhala ndi thanki ya madzi ya malita 5. Kompyuta ndiyo inkalamula pampu kuti ipopere madzi ngati nkhungu, injini ikakoka mwamphamvu pokha. Madziwo anayenera kukhala otchezedwa, opanda mchere uliwonse. A pachitsime kapena a m'nyanja amasiya zokanirira ngati za m'ketulo, ndipo akalowa ochuluka nthawi imodzi sapanikizika: pisitoni imagunda ngati pakhoma, mkono wake n'kupindika.

Asodzi a ku Malembo, ku Makanjira ndi pa nyanja ya Malombe, amene amayendetsa maboti a matabwa ndi injini zakumbuyo, amakumana ndi mbali ina ya nkhaniyi. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka m'chigubu, ethanol amasiyana ndi petulo n'kutsagana ndi madziwo pansi, pamene pali kukamwa kwa payipi yopita ku injini. Zikatero injini imatsokomola n'kuzima, ndipo petulo wotsala pamwamba, pokhala wataya ethanol wake, amagogoda msanga kuposa kale. Zimenezi zikachitika pagombe, ndi ntchito ya makaniko ya ola limodzi, kukhuthula thanki ndi kutsuka kabuleta. Zikachitika usiku pakati pa nyanja, mwera utayamba, anthu khumi amatsala ndi nkhafi zokha.