Samuel Lincoln, Woomba Nsaru, ndi Mbumba Yace

M'caka ca 1637 mnyamata wina dzina lace Samuel Lincoln anacoka ku England ndi kuwoloka nyanja ya Atlantic pamodzi ndi Francis Lawes, munthu amene anali kumphunzitsa nchito yoomba nsaru. Kwao ku Hingham, m'cigawo ca Norfolk, sanasiyeko cuma. Agogo ace, Richard Lincoln, anamana colowa atate ace a Samuel napatsa minda kwa ana a mkazi wao womaliza. Cotero mnyamatayo anafika ku America cimanjamanja.

Anakakhala m'mudzi watsopano wa ku Massachusetts umene alendo anzace anaucha Hingham pokumbukira kwao. Anakwatira Martha, anabala ana 11, namwalira m'caka ca 1690.

Mwana wace Mordecai sanafune za nsaru; iye anasankha moto ndi nyundo. Anali wosula, ndipo anamanga malo osungunulira citsulo. Mdzukulu, nayenso Mordecai, anatengera nchito yomweyo napita nayo ku New Jersey, pambuyo pace ku Pennsylvania, kumene anayandikana ndi banja la Boone, abale a mlenje wochuka uja Daniel Boone. Mbumba iyi siinali yokhalitsa pamalo amodzi. John, mwana wa Mordecai waciwiriyo, anasamukira ku cigwa ca Shenandoah m'Virginia, ndipo mwana wa John, Abraham, anagulitsa munda wabwino kumeneko nalowa ndi banja lace m'nkhalango za Kentucky.

Kentucky silinali dziko lopanda mwini, ngakhale alendowo anali kulidula ngati lotola. Anthu amene Azungu anawacha Amwenye anali kusakamo nyama kuyambira kale, ndipo sanakondwere kuona mitengo ikugwa. M'mwezi wa May 1786, Abraham ali kugwira nchito m'munda ndi ana ace atatu, mfuti inalira m'thengo ndipo iye anagwa. Mwana wamkulu, Mordecai, anathamangira ku nyumba kukatenga mfuti. Josiah anathamanga kukaitana anthu. Koma Thomas, wa zaka 8, anatsala pambali pa mtembo wa atate ace. Pamene munthu uja anaturuka m'thengo nayandikira mwanayo, Mordecai analozetsa mfuti pa mpata wa mitengo ya cipupa namuombera.

Thomas anapulumuka imfa, koma sanapulumuke umphawi. Lamulo la masiku amenewo linapatsa minda yonse kwa mwana woyamba, ndipo zimene zinaonekera atate a Samuel ku England zinabweranso. Thomas anakula akugwira maganyu, naphunzira ukalipentala, osadziwa kulemba koposa dzina lace. Milandu ya malire a minda inambvuta kwambiri ku Kentucky, kotero kuti m'1816 anasamukira ku Indiana, ndipo m'1830 ku Illinois.

M'kanyumba ka mitengo ka Thomas, pa 12 February 1809, munabadwa Abraham Lincoln, amene anadzakhala President wa United States m'1861 ndi kulengeza ufulu wa akapolo m'1863. Iye anali kudziwa bwino nkhani ya imfa ya agogo ace, pakuti atate ace anali kuisimba kawirikawiri. Koma za Samuel woomba nsaru sanazidziwe. Anamva kuti ku Massachusetts kuli a Lincoln ena, nayesa kuti angofanana maina cabe. Anthu ofufuza m'mabuku a machalichi ndi a makhoti anadzalumikiza mzere wonsewo iye atamwalira kale.