Kucokela ku Homestead Kufika ku Manhattan

Pa 4 December 2024, m'mamawa, Brian Thompson anaombeledwa ndi mfuti kunja kwa hotela ya Hilton ku Manhattan, mumzinda wa New York. Anali mkulu wa UnitedHealthcare, kampani yaikulu koposa ya inshuwalansi ya zaumoyo ku America. Patapita masiku 5, apolisi anagwila Luigi Mangione, mnyamata wa zaka 26, ku Altoona m'cigawo ca Pennsylvania. Iye anakana mlandu. Cimene cinandidabwitsa ine ndi cimwemwe ca anthu pa Facebook ndi TikTok. Munthu wafa, wasiya ana awili, koma anthu alikuseka ngati timu yao yagoletsa.

Mkwiyo umenewo suli wopanda pake. Ku America anthu ambili amapeza inshuwalansi kudzela ku nchito, mwambo umene unakula pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, pamene boma linaletsa kukweza malipilo ndipo makampani anayamba kukopa anchito ndi cithandizo ca kucipatala. Mu 1945 Pulezidenti Harry Truman anapempha inshuwalansi ya dziko lonse, koma bungwe la madotolo, American Medical Association, linaithila nkhondo mpaka inafa. Conco lelo dotolo angalembe opaleshoni, kampani n'kuyankha kuti sitilipila. Aliyense wa ife mu komboni amene anagwilapo kapepala ka mankhwala m'manja, m'thumba mulibe kanthu, amamva ululu wake popanda womasulila.

Koma Pennsylvania, kumene Mangione anagwidwila, inaonapo kale nkhani yotele. Mu 1892 anchito a pa fakitale ya zitsulo ya Andrew Carnegie ku Homestead, pafupi ndi Pittsburgh, anakana kudulidwa malipilo. Manijala wake, Henry Clay Frick, anawatsekela panja, ndipo pa 6 July anatumiza alonda a Pinkerton pafupifupi 300 pa mabwato mumtsinje wa Monongahela. Panabuka nkhondo yeniyeni, anthu anafa mbali zonse ziwili, alondawo anagonja. Anthu ambili m'dzikomo anali kumvela cifundo anchito, ndipo dzina la Frick linali kununkha.

Pa 23 July, Alexander Berkman, mnyamata wa zaka 21 amene sanali ngakhale wanchito pa fakitaleyo, analowa mu ofesi ya Frick, anamuombela kawili m'khosi ndi kumubaya. Anali kukhulupilila kuti magazi a bwana adzadzutsa osauka. Frick sanafe. Munthu amene dzulo anali kutukwanidwa anasanduka ngwazi ya m'manyuzipepala, ndipo atsogoleli a sitalaka anathamangila kukana kuti Berkman si wao. N'zoona kuti asilikali anali atafika kale ku Homestead, sitalakayo inali itayamba kufooka. Koma mfuti ija inawalanda cinthu cimodzi cimene cinawatsalila, cifundo ca anthu. Mu November anagonja. Berkman anakhala m'ndende zaka 14, ndipo anchito a zitsulo anayembekezela mpaka m'ma 1930 kuti akhalenso ndi bungwe lamphamvu.

Ena adzati, nanga bwanji Anthem? Inde, tsiku lotsatila imfa ya Thompson, kampani ya Anthem Blue Cross Blue Shield inasiya ganizo lake loika malile pa nthawi yolipilila mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni. Komabe madotolo ndi andale anali atayamba kale kulikana ganizolo, ndipo linali lamulo limodzi la kampani imodzi. Zosintha zazikulu zinabwela mwa njila yotopetsa. Medicare, yolipilila okalamba, inasainidwa ndi Lyndon Johnson mu 1965, Truman wokalamba ali pambali pake, patapita zaka 20 cipemphele. Lamulo la Obama la mu 2010 linaletsa makampani kukana munthu cifukwa anali wodwala kale.

Cimene sindingavomeleze n'cakuti munthu mmodzi akhale wofufuza, woweluza ndi wakupha, cabe cifukwa wakwiya m'malo mwa ife. Tikamupatsa ufulu umenewo lelo cifukwa woombeledwayo sitimukonda, mawa wina adzaugwilitsa nchito pa nesi amene wanena kuti mankhwala atha. Ndipo mpando wa Thompson sunakhale wopanda munthu nthawi yaitali: mu January 2025 kampani inaikapo Tim Noel, amene anali kale mmodzi wa akuluakulu ake.