Nsupa ya Agogo: Mbiri ya Mafuta a Nsatsi

 Nyengo ya mwera ikafika, kapena dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, amayi ambiri amadandaula kuti tsitsi lawo lauma, lachita nyankhalala, ndipo chipeso chikangolowamo likuthothoka. Lero tikambirana mbiri ya mankhwala akale a vuto limeneli, amene amamera okha kuseri kwa khola ndi padzala: mafuta a nsatsi.

Ine ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi. Nsatsi zikakhwima iwo ankazithyola, naziyanika padzuwa mpaka zitathetheka. Kenaka ankazikazinga m'phale, kuzisinja mumtondo, ndi kuziwiritsa mumphika wa madzi. Mafuta akayandama ankawawengula pang'onopang'ono, nawasunga m'nsupa. Ntchito imeneyi ankaitcha kuyenga mafuta. Tikachokera kosamba ankatidontheza pang'ono m'manja kuti tidzole m'mutu ndi m'miyendo. Pa nthawiyo ndinkayesa kuti nzeru imeneyi inali ya m'mudzi mwathu mokha. Nditakula ndi kuyamba kuwerenga mabuku a mbiri yakale, ndinazindikira kuti ili ndi zaka zikwi zingapo.

Tiyeni tiyambire ku Egypt. M'chaka cha 1873 Mjeremani wina, Georg Ebers, anagula ku Luxor mpukutu wa zamankhwala umene unalembedwa zaka pafupifupi 1550 Yesu asanabadwe. Mpukutuwo, umene ukusungidwa mumzinda wa Leipzig, ukutchula ntchito zingapo za msatsi, ndipo imodzi mwa izo ndi yakuti mkazi asinje njere zake, azisakanize ndi mafuta, adzole m'mutu posamala tsitsi lake.

Patapita zaka zoposa 1000, Mgiriki wolemba mbiri, Herodotus, anayendera dziko lomwelo. Iye analemba kuti anthu a kumeneko ankabzala chomera chimene mafuta ake ankawatcha kiki, kuti ankawadzola ndiponso kuyatsira nyale, ngakhale kuti fungo lake silinamkondweretse. Chodabwitsa ndi ichi: pofotokoza kayengedwe kake anati ena ankangofinya njerezo, koma ena ankayamba azikazinga, kenaka n'kuziwiritsa ndi kusonkhanitsa mafuta otuluka. Omvera, kodi si zomwezo zimene agogo anu ndi anga ankachita? Ngakhale owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti chomera chimene chinapatsa Yona mthunzi kunja kwa Nineve omasulira athu anachitcha msatsi.

Kuchokera ku Egypt tiwoloke nyanja yaikulu ya Atlantic. M'zaka za ukapolo anthu miyandamiyanda a mu Africa anatengedwa pa zombo kukalima nzimbe ku zilumba za Caribbean. Pa chilumba cha Jamaica zidzukulu zawo zikuyengabe mafuta a nsatsi pokazinga, posinja ndi powiritsa. Chifukwa cha kukazingako mafutawo amatuluka oderapo, ndipo lero amagulitsidwa m'mabotolo ku London, ku New York ndi ku Johannesburg pa dzina la Jamaican Black Castor Oil.

Nanga kuno kwathu nsupa inatha bwanji? Inagonja kwa botolo la m'sitolo. M'chaka cha 1872 Robert Chesebrough wa ku America analembetsa mafuta a Vaseline, amene amachokera ku mafuta okumbidwa pansi. Analibe fungo, sankasasa, ndipo sankafuna phale kapena mtondo. Masitolo atafalikira m'maboma, wodzola nsatsi anayamba kusekedwa kuti ngwakumudzi. Pambuyo pake panabwera maganizo akuti tsitsi lokongola ndi lowongoka ngati la Mzungu. Atsikana anayamba kuliwotcha ndi chipeso chachitsulo choika pamakala. Ku America komweko Garrett Morgan anatsegula kampani ya mankhwala owongola tsitsi m'chaka cha 1913, ndipo mankhwala a mtundu umenewo anadzafika ndi kuno. Ambiri mwa iwo ali ndi soda waukali amene amathyola mphamvu ya tsitsi kuti ligone, ndipo akakhalitsa m'mutu amawotcha khungu. M'chaka cha 2022 bungwe la boma la America la National Institutes of Health linalengeza zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Linapeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwalawa koposa kanayi pa chaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sankawagwiritsa ntchito.

Tsopano tifunse: kodi makolo athu ankalondola? Khungu la m'mutu limatulutsa mafuta akeake. Pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga, koma tsitsi lathu ndi lopotanapotana, kotero kuti mafutawo amatsalira kutsinde, nsonga n'kuuma. Mphepo, fumbi ndi sopo wochapira zovala zimawonjezera vutolo. Mafuta a nsatsi ndi olemera ndi onanda, choncho amakuta tsitsi, kutsekera chinyezi m'kati ndi kulifewetsa kuti lisaduke popesa. Koma mafuta paokha sanyowetsa tsitsi. Chonyowetsa ndi madzi. N'chifukwa chake agogo ankatidzoza titangosamba, m'mutu mukadali chinyontho, ndipo ankangodontheza pang'ono. Ochulukitsa amangoitana fumbi. Zoti mafutawa amameretsa tsitsi padazi, monga amanenera amalonda ena, asayansi sanazipezere umboni wokwanira, tsono musataye ndalama zanu pa lonjezo limenelo.

Pali chenjezo limene sindingatseke nkhani ino osalitchula. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, yemweyo amene anaphera mtolankhani wa ku Bulgaria, Georgi Markov, mumzinda wa London m'chaka cha 1978. Poizoniyu salowa m'mafuta oyengedwa bwino, ndipo moto wa kukazinga ndi kuwiritsa umamuononga, koma mwana akatafuna njere zaziwisi zochepa chabe moyo wake uli pachiswe. Nsatsi ziyanikidwe patali ndi ana, zotsalira zake zisaperekedwe kwa ziweto, ndipo mtondo wosinjira nsatsi usasinjirenso chakudya. Mwana akadya, thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti ayambe wasanza.

Lero dziko la India ndilo limalima nsatsi zambiri kuposa maiko onse, makamaka m'chigawo cha Gujarat, ndipo mafuta ake amalowa m'mankhwala, m'sopo ndi m'makina. Ife, amene msatsi umatimerera wokha kuseri kwa nyumba, timausadza ndi chikwanje, kenaka n'kukagula mafuta ake m'botolo lochokera kunja pa mtengo wa nkhuku. Amayi odziwa kuyenga akutha mmodzimmodzi, ndipo akulu anati madzi akatayika saoleka. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene akudziwabe ntchito imeneyi, mupiteko ndi ana anu chaka chino nsatsi zikakhwima, mukakhale pansi, mukaone ndi maso mmene phale, mtondo ndi mphika zimagwirira ntchito.