Mfuti Pansi pa Zidole: Mahé ndi Durban, 1981

Pa 25 Novembala 1981, chakumadzulo, ndege ya kampani ya Royal Swazi inatera pabwalo la ndege la pachilumba cha Mahé ku Seychelles. Munatsika azibambo achizungu oposa 40, amene ankati ndi gulu la okonda mowa lotchedwa Ancient Order of Froth Blowers, ndipo abwera kudzapuma. M'zikwama mwawo munali zidole zoti akapatse ana ovutika. Pansi pa zidolezo, m'chipinda chobisika cha chikwama chilichonse, munali mfuti ya AK-47. Mtsogoleri wawo anali Mike Hoare, msilikali waganyu amene anatchuka pa nkhondo za ku Congo m'zaka za m'ma 1960. Cholinga chinali kugwetsa boma la France-Albert René, yemwe nayenso analanda mpando kwa James Mancham mu Juni 1977.

Bwalo la ndege silinali malo amene anakonza kumenyerapo nkhondo. Anafuna kudutsa ngati alendo wamba, kukagona kumahotela masiku angapo, kukumana ndi anzawo amene anatsogola kale pachilumbapo, kenako n'kulanda wailesi ndi malikulu a asilikali ndi apolisi. Ndipo zinatsala pang'ono kutheka. Ambiri anali atadutsa kale kwa a kasitomu ndipo ankakweza katundu m'mabasi panja, pamene wantchito wina anapisa dzanja mpaka pansi pa chikwama cha mmodzi mwa omalizira. Anakhudza chitsulo. Kuwomberana kunayamba pomwepo. Mmodzi mwa asilikali aganyuwo anafa, ndipo usikuwo kunafanso msilikali mmodzi wa Seychelles.

Palibe makina amene anagwira mfutiyo, kapena uthenga wa akazitape umene unachenjeza wantchito uja. Anangochita ntchito imene amalandirira malipiro, pamene anzake anali atalola zikwama zambirimbiri kudutsa chifukwa eni ake ankaoneka ngati azungu odzadya ndalama patchuthi. Dziko limene chuma chake chimadalira alendo silikonda kuwatopetsa pakhomo, ndipo Hoare ankadalira ulemu womwewo.

Zitavuta, gululo linalanda nyumba za pabwalopo ndi nsanja yolondolera ndege, n'kutsekera anthu amene anapezeka mkatimo. Linayesa kulanda msasa wa asilikali wa Pointe La Rue, womwe uli pafupi, koma linabwezedwa. Asilikali a Seychelles, omwe ankathandizidwa ndi a ku Tanzania, anazinga bwalolo n'kutchinga msewu wotera ndege ndi magalimoto. Usiku womwewo ndege ya Air India, ya mtundu wa Boeing 707, yochokera ku Zimbabwe kupita ku Bombay, inafika kuti itere monga mwa ndondomeko yake. Munsanja munali anthu a Hoare, ndipo anailola. Potera inakhula galimoto ina n'kuwonongeka pang'ono phiko, koma inkatha kuuluka. Asilikali aganyuwo anakwera, atanyamula mtembo wa mnzawo, n'kulamula woyendetsa, Umesh Saxena, kuti awapititse ku South Africa. M'mawa wa pa 26 Novembala ndegeyo inatera pabwalo la Louis Botha ku Durban.

Apolisi a ku Durban analandira mlandu wosafuna kufufuza kwambiri. Ndege yolandidwa inali pamaso pawo, olanda anali momwemo ndi mfuti zina, ndipo mboni zinali zodzaza ndege. Lamulo nalo linalipo: Civil Aviation Offences Act ya 1972 inkaletsa kulanda ndege, ndi chilango chosachepera zaka zisanu m'ndende. Dzikoli silikanati silidziwa kuwawa kwa mlandu wotere, chifukwa mu Meyi 1972 ndege yake ya South African Airways inalandidwa ndi anthu awiri a ku Lebanon n'kukatera ku Chileka, kumene asilikali a Malawi anaiwombera mpaka olandawo anagonja, ndipo khoti la ku Malawi linawatsekera.

Komabe patangopita masiku ochepa, anthu 39 anamasulidwa popanda mlandu uliwonse. Asanu okha, kuphatikizapo Hoare, ndi amene anaonekera kukhoti, pa mlandu woba anthu osati wolanda ndege, ndipo anatuluka pa belo. Nduna yoona za apolisi, Louis le Grange, inauza atolankhani kuti anthuwa anangoswa mawindo angapo ndi kuthamangathamanga m'tchire, n'kufunsa kuti ndi lamulo liti la South Africa limene aphwanya. Kumbukirani kuti awa anali apolisi omwewo amene ankatsekera munthu wakuda miyezi yambiri osamuzenga mlandu chifukwa chomupeza ndi kapepala koletsedwa. Sikuti analibe mphamvu kapena nzeru. Ambiri mwa ogwidwawo anali asilikali apadera a boma lomwelo kapena a gulu lankhondo lakale la Rhodesia, ndipo kuwaimika m'khoti kunali kutsegula pakamwa pawo.

Chimene chinasintha zinthu sichinali chikumbumtima. Mu 1978, pamsonkhano wa ku Bonn, mayiko asanu ndi awiri olemera anagwirizana kuti dziko lililonse lokana kuzenga mlandu kapena kupereka olanda ndege lidzaletsedwa maulendo a ndege opita kwawo. Kwa boma latsankho ili linali bala lakale. Kuyambira 1963 mayiko ambiri a mu Africa anali atatseka mlengalenga mwawo, moti ndege za South African Airways zopita ku Ulaya zinkazungulira kunyanja, n'kumamwera mafuta pachilumba cha Sal ku Cape Verde. Kutaya London, Frankfurt ndi New York kukanakhala kudzitsekera m'nyumba. Mu Disembala 1981 nthambi yoona zachitetezo ya United Nations inakhazikitsanso komiti yofufuza za chiwembucho. Pofika Januwale 1982, boma linabweza mawu: onse anaitanidwanso n'kuimbidwa mlandu wolanda ndege.

Mlanduwo unazengedwa ku Pietermaritzburg pamaso pa woweruza Neville James, ndipo chimene boma linkaopa chinachitikadi. Hoare ananena kuti akuluakulu a boma ankadziwa za ulendowo ndiponso kuti mfuti zinabweretsedwa kunyumba kwake ndi gulu lankhondo la South Africa. Nduna ya zachitetezo, Magnus Malan, inagwiritsa ntchito lamulo kuletsa umboni wina wokhudza ntchito za usilikali za oimbidwa mlanduwo. Mu Julayi 1982 khoti linagamula kuti Hoare akakhale zaka 10 m'ndende. Ambiri mwa anyamata ake anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yokha, chifukwa mbali yaikulu ya chilango chawo inaimitsidwa. Nduna yaikulu, P. W. Botha, inavomera kuti maofesala ena anapereka zida, koma inati nduna za boma sizinkadziwa kanthu. Palibe mkulu wa asilikali amene anaimirira m'khoti pa nkhaniyi.

Amene anatsalira ku Seychelles anakumana ndi zina. Pakati pa ogwidwa panali Martin Dolinchek, yemwe anaulula yekha kuti ndi kazitape wa boma la South Africa. Khoti la ku Victoria linagamula kuti anayi aphedwe pa mlandu woukira boma, ngakhale kuti sanali nzika za dzikolo, ndipo Dolinchek anapatsidwa zaka 20. Koma nakonso ndale zinaposa chigamulo. René anawakhululukira onse, ndipo mu Julayi 1983 anakwezedwa ndege kubwerera kwawo, pambuyo pa zokambirana zamseri pakati pa maboma awiriwa. Patapita zaka, komiti ya Truth and Reconciliation Commission inapeza kuti boma latsankho linali ndi dzanja pa chiwembucho.

Hoare anatuluka m'ndende mu 1985, asanakwanitse n'komwe zaka zitatu. Analemba buku lofotokoza mbali yake ya nkhaniyi, anakakhala ku France kwa nthawi ndithu, ndipo anamwalira ku Durban mu 2020 ali ndi zaka 100.