Siginecha ya akauntanti: nkhani imene inayamba ku New York mu 1896

Ambili a ife tili ndi mnzathu amene amagona mocedwa cifukwa ca mayeso a ZICA, ndipo ena tamumvapo akudandaula kuti: "Masamu nimadziŵa, nanga laisensi ni ya ciani?" Funso limeneli si lacabe. Yankho lake lili m'mbili ya dziko la America, kumene zilembo zitatu za CPA zinabadwila.

Caka ca 1896 cisanafike, munthu aliyense ku America anali kutha kupacika cikwangwani pakhomo n'kudzicha akauntanti. Nthawi imeneyo makampani a njanji ndi mafakitale anali kukula mofulumila, ndipo anthu anali kugula masheya m'makampani amene sanawaonepo ndi maso. Anali kudalila pepala losainidwa cabe. Pa 17 April 1896, boma la New York linakhazikitsa lamulo lakuti dzina la Certified Public Accountant ligwilitsidwe nchito ndi okhawo amene boma lawavomeleza. Mayeso oyamba analembedwa mu December caka comweco, ndipo setifiketi nambala 1 inapita kwa Frank Broaker. Pofika mu 1921, zigawo zonse 48 zinali ndi lamulo lotele. Mpaka lelo, laisensi ya CPA imapelekedwa ndi bungwe la cigawo ciliconse, osati boma lalikulu la ku Washington.

Koma citseko cimene cimatsekela akuba cimathanso kutsekela anthu osalakwa. Christine Ross anakhoza mayeso a ku New York mu 1898, koma akuluakulu anazengeleza kumupatsa setifiketi cifukwa anali mkazi. Anailandila mu December 1899. Anthu akuda anavutika kopambana. Zigawo zambili zinali kufuna kuti munthu ayambe wagwilapo nchito pansi pa CPA wina, koma makampani a azungu anali kukana kulemba nchito munthu wakuda. Conco lamulo silinachule mtundu wa khungu, koma linagwila nchito ya tsankho. John W. Cromwell Jr., mphunzitsi wa masamu ku Washington, anacita kupita ku New Hampshire kumene lamulo limenelo kunalibe, ndipo mu 1921 anakhala CPA woyamba wakuda. Mary T. Washington wa ku Chicago anakhala mkazi woyamba wakuda kupeza laisensi mu 1943. Pofika mu 1965, ma CPA akuda anali 100 cabe m'dziko lonselo.

Nanga laisensi inathetsa cinyengo? Iyai. Msika wa masheya utagwa mu 1929, malamulo a 1933 ndi 1934 anakakamiza makampani ogulitsa masheya kwa anthu kuti mabuku ao azipendedwa ndi akauntanti wapadela, wosakhala wanchito wao. Zaka zocepa pambuyo pake, mu 1938, kunaphulika nkhani ya McKesson & Robbins, kampani yogulitsa mankhwala. Mkulu wake, amene anali kudzicha F. Donald Coster, anali Philip Musica, munthu amene anamangidwapo kale cifukwa ca cinyengo. M'mabuku munali katundu ndi nkhongole za makasitomala zokwana pafupi-fupi madola 19 miliyoni, zimene kunalibe n'komwe. Openda mabuku anaŵelenga mapepala onse, koma sanapite kukaona ngati katunduyo analikodi m'nyumba zosungila. Kucokela mu 1939, malamulo a nchitoyi anayamba kufuna kuti wopenda azikaona katundu ndi maso ake, ndi kufunsa okongola ngati nkhongoleyo ni yoona.

Cikwapu cacikulu cinabwela mu 2001, pamene kampani ya Enron ya ku Houston inagwa. Anchito masauzande anataya nchito pamodzi ndi ndalama za penshoni. Arthur Andersen, kampani imene inali kupenda mabuku a Enron, inali imodzi mwa zisanu zikulu-zikulu padziko lonse, ya anchito pafupi-fupi 85,000. Mu June 2002 khoti inaipeza ndi mlandu wosokoneza kafukufuku, pambuyo pakuti anchito ake anaononga mapepala a Enron. Mu August caka comweco, bungwe la akauntanti la ku Texas linailanda laisensi. Khoti yaikulu ya dzikolo inafafaniza cigamulo ca mlanduwo mu 2005, koma kampaniyo inali itatha kale. Lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002 linakhazikitsa bungwe la PCAOB, lopenda openda mabuku.

Kuno kwathu tinatenga njila yosiyanako. M'malo mwa mabungwe a zigawo, tili ndi bungwe limodzi la dziko lonse. ZICA inakhazikitsidwa ndi lamulo la Accountants Act la 1982, ndipo lelo imayenda pansi pa lamulo la 2008. Imalembetsa akauntanti, imapeleka mayeso, ndipo ili ndi mphamvu yolanga membala amene waipitsa nchito.

Pa wailesi timalandila mafoni a anthu olila ndalama za cilimba kapena za kopaletivu, ndipo nkhani imakhala imodzi-modzi: msungacuma anali kuŵelenga yekha, palibe anapita kukaona. Akauntanti wa laisensi amasiyana ndi msungacuma ameneyo pa cinthu cimodzi. Ali ndi cinthu cimene angalandidwe, ndipo pali kumene tingakamunenele.

Conco kwa mnzathu wa mayeso uja timati: limbika, siginecha imene ukuivutikila idzanyamula penshoni za anthu. Ndipo ife ena tisaleke kufunsa mafunso aŵili amene mbili imeneyi yatisiyila. Kodi laisensi ikuteteza mwini ndalama? Nanga mwana wa ku Kanyama kapena ku Chipata, amene ali ndi mutu koma alibe wacibale mu ofesi, adzapeza kuti malo ophunzilila nchito kuti naye aloŵe?