Difu ndi Ekiselo Yakumbuyo ya Pikapu: Kuzindikira Vuto ndi Kukonza

Mawu oyamba

Alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay amadalira mapikapu akale monga Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Nissan 1400 potengera chinangwa, mpunga, nthochi ndi usipa kumsika. Galimoto ikafera panjira itanyamula nthochi zakupsa kapena nsomba zaziwisi, mlimi amaluza kawiri: katundu amawonongeka, ndipo ndalama zomwe akanagulira mbewu ndi feteleza zimathera kugalaja. Nthawi zambiri ekiselo yakumbuyo imayamba yachenjeza isanafe. Tsamba lino likuthandizani kuzindikira zizindikirozo msanga.

Zomwe zili mu ekiselo yakumbuyo

Mphamvu ya injini imadutsa mu giyabokosi ndi propshaft n'kufika pa difu, chibulunga chija chili pakati pa matayala akumbuyo. M'kati mwake muli magiya awiri akuluakulu, pinion ndi crown wheel, komanso timagiya ting'onoting'ono tomwe timalola tayala limodzi kuzungulira mofulumira kuposa linzake pokhota. Kuchokera mu difu, mashafuti awiri amapita ku matayala. Kumapeto kwa shafuti iliyonse kuli bering'i ndi silo yotchinga oyilo. Pamwamba pa ekiselo pali kachipangizo kopumira mpweya kotchedwa breather.

Pa mapikapu ambiri ang'onoang'ono, shafuti yomwe imazunguza tayala ndi yomwenso imasenza kulemera kwa katundu. N'chifukwa chake bering'i ikatheratu, tayala likhoza kusololoka pamodzi ndi shafuti yake galimoto ili pa liwiro.

Zomwe zimawononga ekiselo m'dera lino

• Kulongedza mopyola muyeso. Pikapu ya tani imodzi imanyamula pafupifupi makilogalamu 1,000, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwa anthu okwera kumawerengedwa momwemo. Nissan 1400 imanyamula pafupifupi theka la katundu ameneyu. Chinangwa chonyowa chongovuulidwa kumene chimalemera kwambiri kuposa makaka owuma.

• Madzi. Dera lino limalandira mvula yambiri, ndipo misewu yopita ku minda ya mpunga ya ku Limphasa ndi Luweya imadzadza madzi ndi matope. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera pa breather kapena pa silo yakutha.

• Mchenga. Galimoto ikatitimira pagombe ku Kande kapena ku Chintheche, tayala limodzi limazungulira lokha. Izi zimadya timagiya ta m'kati, ndipo tayalalo likagwira nthaka yolimba mwadzidzidzi shafuti imatha kuthyoka.

• Zitunda ndi miyala. Msewu wotsetserekera ku Usisya umavutitsa masipuling'i, mabawuti ndi mabering'i, makamaka galimoto ikamakwera itadzadza.

• Matayala osiyana kukula kumbuyo. Amachititsa timagiya ta mu difu kugwira ntchito nthawi zonse, ngakhale pamsewu wowongoka.

Zizindikiro ndi tanthauzo lake

1. Kulira kosalekeza ngati mluzu, komwe kumakula mukaponda mafuta n'kusintha mukachotsa phazi. Oyilo wachepa, kapena pinion, crown wheel ndi mabering'i a mu difu ayamba kutha.

2. Mkokomo womwe umakula ndi liwiro ndipo umasintha pokhota. Iyi kawirikawiri ndi bering'i ya kutayala. Phokoso likakula pokhotera kumanzere, kayikirani bering'i ya kumanja, chifukwa kulemera kumapendekekera kumeneko.

3. Kugunda kamodzi, kwakuti khu, ponyamuka kapena posintha giya. Yambani mwaona mtanda wa pa propshaft ndi mabawuti omanga sipuling'i ku ekiselo musanaganizire difu.

4. Kugogoda komveka pokhota pokhapokha. Timagiya ting'onoting'ono ta mu difu taphwanyika mano.

5. Oyilo kuseri kwa tayala. Silo yatha, ndipo oyiloyo akalowa m'mabuleki galimoto imakokera mbali imodzi kapena kukana kuima.

6. Injini ikulira, propshaft ikuzungulira, koma galimoto sikusuntha. Shafuti yathyoka kapena magiya a mu difu aphwanyika.

7. Galimoto ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Bawuti ya pakati pa sipuling'i yaduka ndipo ekiselo yasuntha pamalo pake.

Kumbukirani kuti tayala lodyeka mbali imodzi nalonso limachita mkokomo. Sinthanitsani matayala akutsogolo ndi akumbuyo, kenaka mumvetserenso musanagule chipangizo chilichonse.

Kuyendera galimoto pakhomo

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba. Tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala kapena zipika. Ngati pansi pali mchenga, ikani thabwa lokhuthala pansi pa jeki. Musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhalira jeki yokha. Ikani zipika zolimba pansi pa chasesi, osati njerwa chifukwa zimaphwanyika.

• Masulani bawuti yothirira oyilo ya pambali pa difu. Oyilo ayenera kufika pamlomo pa bowolo kapena pansi pang'ono, poti chala chikhoza kumukhudza.

• Onani mtundu wa oyilo. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Akakhala wakuda bii ndi fungo lopserera, difu yakhala ikutentha kwambiri.

• Kwezani tayala limodzi, masulani handibuleki, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagwedera kwambiri kapena kumveka ngati muli mchenga polizunguza, bering'i yatha.

• Chotsani matope pa breather ndipo onetsetsani kuti kachipewa kake kakuyenda. Breather ikatsekeka, mpweya wotentha umakankha oyilo kutulukira m'masilo, ngakhale atakhala atsopano.

• Mukayenda ulendo wautali, yandikitsani dzanja pakati pa matayala onse awiri akumbuyo. Mbali yotentha kwambiri kuposa inzake ili ndi vuto la bering'i kapena mabuleki.

Kusintha oyilo wa difu

Ntchito iyi mukhoza kuigwira nokha. Chitani galimoto itangoyenda pang'ono kuti oyilo akhale wofunda.

1. Yambani kumasula bawuti yothirira. Mukayamba ndi yotayira n'kupeza kuti yothirira yakana, mukhala ndi difu yopanda oyilo.

2. Masulani bawuti yapansi ndi kutchera oyilo m'beseni.

3. Onani maginito a pa bawutiyo. Phala lotuwa losalala silodetsa nkhawa, koma tizidutswa ta chitsulo tikusonyeza kuti giya kapena bering'i ikuphwanyika.

4. Mangani bawuti yapansi, thirani oyilo wa magiya wolembedwa GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-140, mpaka ayambe kubwerera pabowo. Mapikapu ambiri amalowa malita awiri kapena kuzungulira pamenepo. Musathiremo oyilo wa injini.

Tsatani zomwe buku la galimoto yanu likunena pa nthawi yosinthira. Koma mukawoloka madzi ofika pa difu, onani oyilo tsiku lomwelo, ndipo musinthe ngati watuwa. Oyilo wakale musamutayire m'nyanja, mumtsinje kapena m'munda, chifukwa amapha nsomba ndi kuwononga nthaka. Musungeni m'chigubu chotseka bwino.

Ntchito zofunika makaniko

Bering'i ndi silo ya kutayala: bering'i imalowetsedwa pa shafuti ndi makina opanikizira, osati ndi hamala. Mphete yachitsulo yomwe imaigwira iyenera kukhala yatsopano. Musalole kubwezera yakale kapena kuiwotcherera. Sinthaninso silo ndi mashuzi a mabuleki omwe amwa oyilo, chifukwa kuwatsuka ndi petulo sikuchotsa oyilo yemwe walowerera.

Shafuti yothyoka: musakakamize galimoto. Tsitsani katundu ndi anthu onse. Makaniko achotse mashafuti onse awiri ndi difu, atulutse chiduswa chotsalira m'kati ndi kutsuka zinyenyeswa zonse. Ngati chitsulo cha ekiselo chapindika ndi katundu, shafuti yatsopano ndi bering'i sizikhalitsa.

Pinion ndi crown wheel: zimasinthidwa pamodzi nthawi zonse, ndipo zimafuna mmisiri wodziwa kuyeza kakumanidwe ka mano ake. Nati ya pa pinion ikamangidwa mopyola muyeso, mabering'i amapsa.

Pogula difu yakale

Tengani difu yanu yakale popita kukagula ku Mzuzu kapena kwina. Werengani mano a crown wheel ndi a pinion. Mwachitsanzo, mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, pomwe 41 ndi 10 amapereka 4.10. Pa galimoto yokoka matayala onse anayi, nambala ya difu yakumbuyo iyenera kufanana ndi ya kutsogolo. Werenganinso timizere ta kumapeto kwa shafuti. Zunguzani difuyo ndi dzanja, ndipo ikanini ngati ikudodoma kapena mano ake abenthuka. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti mudzabweza ikakalira.

Kupewa

• Yalani katundu wolemera pafupi ndi kebini, osati kumapeto kwa bodi.

• Mukatitimira, musaponde mafuta mwamphamvu. Tsitsani katundu, fukulani kutsogolo kwa matayala ndi kuyala matabwa kapena nthambi.

• Chotsani giya yokoka matayala onse anayi mukafika pa tala wa M5.

• Pemphani makaniko alumikize kapaipi ku breather n'kukakweza pansi pa bodi.

• Mangitsani mabawuti a masipuling'i mvula isanayambe komanso ikatha.

Uthenga kwa alimi otsogolera

Ngati kalabu kapena koparetivu yanu ili ndi galimoto kapena imachita hayala, gwirizanani chiwerengero cha matumba pa ulendo umodzi ndipo musachiwonjezere. Sungani kabuku kolembamo tsiku losinthira oyilo ndi chipangizo chilichonse, komanso muzipatula kangachepe pa ulendo uliwonse kokonzetsera galimoto. Yenderani difu ndi mabering'i kukolola mpunga kusanayambe. Galimoto yomwe ikudontha oyilo kuseri kwa tayala isanyamule anthu kapena katundu mpaka itakonzedwa.